Thandizeni: kuwonkhetsa masheya a banki m'khonde m'mutu osasokoneza

Mlembi_wa_Gulu:

Moni nonse abale anga, ndabwera ndi vuto langa mwina alipo angandithandize. Ine ndine mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde, tilipo anthu 22, azimayi 19 azibambo atatu, timakumana Lachisanu lililonse 2 koloko masana pansi pa mtengo wa mango kwa amayi apampando. Sheya imodzi ndi K1,000 ndipo munthu amagula kuyambira imodzi kulekeza asanu pa sabata. Aliyense ali ndi kabuku kake komwe timadinda, komanso ine ndili ndi hadikava yanga momwe ndimalemba kuti uje wagula angati lero.

Sabata ndi sabata palibe vuto, ntchito imakula tsiku logawana. Chaka chatha tinasonkha masabata 48, nde tangoganizani anthu 22 aliyense manambala 48, ndi manambala opitirira 1,000 amenewo, ang'onoang'ono okhaokha ma 3 ma 5 ma 2, koma ukafika pakati pa mzere mutu umangoima, wina akuyitane kapena mwana alire basi waiwala kuti unali pa 84 kapena 94 uyambirenso.

Chomwe chikundiwawa mpaka lero ndi ichi. Pali mayi wina wachikulire mgulu mwathu amagulitsa zitumbuwa, ndalama yake amaipeza movutikira kwambiri. Ine nditaimirira ndinalengeza kuti masheya awo ndi 167, iwo anati ayi mwana wanga, mdzukulu wanga wawerenga zidindo usiku wapeza 176. Kusiyana K9,000 tisanaikepo chiwongola dzanja. Tinabwereza katatu dzuwa likulowa anthu ali pa mkeka chete, mapeto ake zinapezeka kuti iwo ndi amene amanena zoona. Sanandinene chilichonse, amandipatsa moni bwinobwino, koma mmene anandiyang'anira tsiku limenelo sindiiwala, ndipo ine sindinabepo ngakhale K50 ya gulu.

Musandiuze za kakyuleta ya pafoni chonde, ndinayesa, foni yanga ndi ya mabatani ndipo ukadina 5 kawiri mwangozi imalemba 55 iwe osaona. Komanso ena mgulu sadziwa kuwerenga nde ukamangodinadina foni utawerama iwo saona kanthu, amayamba kunong'onezana.

Nayi mizere 20 yoyamba ya munthu mmodzi kuti muone zomwe ndikunena:

3 5 2 4 1 5 5 3 2 4 5 5 0 3 5 4 2 5 3 5

Inu mumatani kuti muwonkhetse zotere m'mutu mwachangu koma osalakwa? December, mwezi wathu wogawana, wayandikiranso.

Aphunzitsi_Std6:

Mayi pepani ndi zomwe zinachitikazo, ndikumvetsa bwino chifukwa ine teremu iliyonse ndimachonga mapepala a ana opitirira 90 ndipo pepala lililonse ndi timamalikisi 2, 1, 3, 2 mpaka kumapeto, mwana ukamudyera malikisi awiri okha amabwera akulira pa desiki.

Cholakwika chachikulu chomwe ambiri timachita nkunyamula nambala yaikulu m'mutu. Mutu wa munthu sugwira zinthu zambiri nthawi imodzi, katswiri wina wa ku America George Miller analemba mu 1956 kuti ndi zinthu pafupifupi 7 basi, nde inu mukusunga 84, mukuyang'ana nambala yotsatira, mukusunganso malo omwe chala chili, kwinaku mukumva zomwe anthu akuyankhula, china chake chiyenera kugwa ndithu.

Nde chitani chonchi. Musapitirire 10. Mukangofika pa 10 kapena kudutsa, ikani kadontho ndi pensulo pambali pa nambala imeneyo, khumilo mwalisiya papepala, m'mutu mungotsala ndi kotsalako. Tiyeni tiyende limodzi pa mzere wanuwo. 3, 8, 10 dontho. Tayambanso, 4, 5, 10 dontho. 5, 8, 10 dontho. 4, 9, 14 dontho tatsala ndi 4. Pa 0 tingodutsa, 7, 12 dontho tatsala ndi 2. 6, 8, 13 dontho tatsala ndi 3. 6, 11 dontho tatsala ndi 1. Werengani madontho, alipo 7, ndi kotsala kaja 1, yankho 71.

Mwaona kuti palibe pomwe m'mutu munali nambala yoposa 14? Ndipo ubwino wake wina mwana akalira mukabwerera simuyambiranso pamwamba, mumangobwerera pa dontho lomaliza, makamaka mukazolowera kulemba kotsalako pang'ono pambali pa donthopo.

China, musamanene mumtima kuti "3 kuphatikiza 5 ndi 8, 8 kuphatikiza 2 ndi 10", mawu amenewo ndi amene amachedwetsa ndi kutopetsa. Diso lione nambala, pakamwa patuluke yankho lokha, 3, 8, 10. Ife a kale mmawa uliwonse tisanayambe masamu kunali mentolo, aphunzitsi amangotchula manambala iwe uli chiimire, nde maso anazolowera kuona anzake a 10, kuti 4 1 5 ndi khumi, 5 3 2 ndi khumi, 3 3 4 ndi khumi, osawerenga nkomwe. Mukamaphika kapena muli pa mjigo muziyeserera timagulu timeneti, sabata ziwiri zokha muona kusintha.

Kondakitala_Wakale:

Aphunzitsi anena zoona koma ine njira yanga ndi ina, ndagwira ya minibasi zaka zambiri nde ndikuuzeni mmene timachitira madzulo tikamawerenga ndalama ndi adalaivala. Palibe kondakitala amene amatenga mpukutu wa ndalama nkumati 500 kuphatikiza 200 kuphatikiza 1000 kuphatikiza 50, ungagone pa depoti. Umayamba wasanja kaye, ma 2000 paokha ma 1000 paokha ma 500 paokha, kenako uwerenge kuti mulu uliwonse muli mapepala angati basi.

Manambala anuwo asisi ndi chimodzimodzi, mitundu yake ndi yochepa, 5 4 3 2 1 ndi 0 basi. Nde musawonkhetse, werengani ngati mukuwerenga nkhuku. Ma 5 alipo angati? 8, nde 40. Ma 4 alipo atatu, 12. Ma 3 alipo anayi, 12. Ma 2 alipo atatu, 6. Ka 1 kamodzi. 40 ndi 12 ndi 12 ndi 64, ndi 6 ndi 70, ndi 1 ndi 71. Yafanana ndi ya aphunzitsi.

Chomwe ndimaikondera njira iyi nchakuti imadzilondera yokha. Tengani kuchuluka kwa milu ija, 8, 3, 4, 3, 1, ndi 0 uja mmodzi, zikuyenera kukwana 20 chifukwa masabata ndi 20. Zikakwana 19 dziwani kuti nkhuku imodzi yathawa, bwererani mukaisake musanalengeze kanthu. Kwa chaka chonse zikwane 48. Bola teburo ya 3 ndi ya 4 muziidziwa bwino mpaka pa 20, ya 5 ndi ya 2 aliyense amaitha.

Madala_a_ku_Dedza:

Mwana wanga, ine ndine wamkulu, wandilembera ndi mdzukulu wanga koma mawu ndi anga. Ndinagwira ntchito ya pa sikelo nthawi yogula chimanga ndi mtedza, kalelo kopanda makina owerengera, pensulo kukhutu basi.

Thumba la chimanga timayembekezera kuti likhale makilo 50. Ndiye matumba 30 akabwera sitinkaphatikiza 49, 51, 48, 50, ayi. Tinkati 30 kuchulukitsa ndi 50 ndi 1,500, kenaka nkumangoyang'ana kuti ili lapelewera ndi 1, ili lapitirira ndi 1, awa adyana, ili lapelewera ndi 2. M'mutu umangoyenda ndi kanambala kakang'ono kokwera ndi kutsika.

Kwa inu, munthu wodzaza sabata iliyonse amagula 5. Masabata 20 ndi 100. Tsopano werengani mipata yokha, malo amene sanadinde. Pa mzere mwalembawo, pa 3 pasowa 2, pa 5 palibe, pa 2 pasowa 3, choncho. Muziti 2, 5, 6, 10, 12, 15, 16, 21, 23, 24, 27, 29. Mipata 29. Chotsani pa 100, 71. Ma 5 onse aja mwangowalumpha osawagwira, ndiye manambala 8 mwa 20 achoka opanda thukuta. Chaka chonse cha masabata 48 wodzaza ali ndi 240, sungani nambala imeneyo ngati dzina lanu. Aliyense amene mwamupezera zoposa 240 mwalakwitsa.

Koma njira iyi ndi ya anthu ogula kwambiri. Kwa amene amagula imodzi kapena awiri mipata imachuluka kuposa zidindo, pamenepo tengani ya aphunzitsi. Kwa wapakatikati imani pa 3, ndiye 4 ndi 2 adyana, 5 ndi 1 adyana, mungotsala ndi osowa mnzawo. Muyambe mwaliyang'ana tsamba lonse musanasankhe njira, monga pa bawo munthu sugwira nkhomo usanaone kumene zikagonere.

Ndiwonjeze kanthu kena kamene ana a masiku ano sakaona. Chichewa chathu chimawerenga ndi dzanja. 6 timati zisanu n'chimodzi, 7 zisanu n'ziwiri, 9 zisanu n'zinayi, kenaka khumi, manja awiri. Makolo anaithyolathyola kale nambala kuti ikhale zisanu ndi kotsala. Ndiye mukaona 7 ndi 8 muziona manja awiri ndi 2 ndi 3, limene ndi dzanja lachitatu, 15. Amayi achikulire a mgulu lanu amene mukuti sadziwa kuwerengawo, kuwerenga kwa zisanuzisanu amakudziwa bwino kwambiri, ndi mmene amaunjikira tomato ndi zitumbuwa pa msika. Muwerenge mokweza mwa njira imeneyo adzakutsatirani.

Jnr_wa_ku_Zomba:

Koma abale mu nthawi ino tikulimbana ndi masamu a mmutu chifukwa chani? Pezani munthu wa simatifoni kapena laputopu alowetse zonse mu pulogalamu yowerengera ya Excel, sekondi imodzi yankho latuluka, palibe kukangana.

Kondakitala_Wakale:

Aise Excel imawonkhetsa zomwe waipatsa. Manambala 1,056 alowetse munthu mmodzi ndi chala, akalakwitsa atatu adziwa ndani? Ndipo mayi a zitumbuwa aja uwauze kuti laputopu yanena 167 ukuganiza avomera? Asisi anena kale kuti vuto si liwiro lokha, anthu akufuna aone ndi maso awo.

Jnr_wa_ku_Zomba:

Chabwino ndamva, koma bola ikhalepo yotsimikizira pambali, munthu akawonkhetsa mmutu wina aone pa foni. Sindikutsutsa njira za madalawo, ya mipata ija ndaiyesa pompano yagwiradi.

Mayi_Akawunti:

Ndawerenga zonse ndipo njira zitatu zija nzabwino, ine ntchito yanga ndi ya mabuku a ndalama ndipo ndili mgulu la banki m'khonde la kutchalitchi kwathu, nde ndikufuna ndikhudze mbali ina yomwe sinatchulidwe.

Choyamba amayi mlembi, taonaninso manambala awiri aja. 167 ndi 176. Ndi manambala omwewo, 6 ndi 7 angosinthana malo. Ine ndikukhulupirira kuti simunalakwitse kuwonkhetsa, munapeza 176 bwinobwino koma pokopera kuchoka pa kapepala kupita mu hadikava dzanja linatembenuza. Ife a maakawunti tili ndi kachizindikiro kake, manambala awiri oyandikana akasinthana malo kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse. 176 kuchotsa 167 ndi 9. 52 ndi 25 kusiyana 27. 81 ndi 18 kusiyana 63. Nde tsiku lina mabuku akakana kugwirizana, musanayambe kubwereza chilichonse chotsani kaye muone kusiyanako, kukakhala 9, 18, 27, 36 yambani kusaka pomwe mwatembenuza. Kukakhala 10 ndendende ndipo mumagwiritsa njira ya aphunzitsi, mwadumpha dontho kapena mwaliwerenga kawiri. Kukakhala 5 kapena kuchepera apo, mwina mwalumpha sabata imodzi. Si lamulo losaphonya koma limakulozerani koyambira. Ngati kapepala ka tsiku lija mukadali nako kayang'aneni.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna kulimbikira, musamadikire December kuti muwonkhetse manambala 48 nthawi imodzi, mukudzipweteka. Pakatha masabata anayi aliwonse jambulani mzere ndi rula, wonkhetsani anayiwo mulembe ndi bolopeni yofiira pambali, mwini kabuku ali pompo avomereze. Manambala anayi osaposa 5 ngakhale mwana wa Sitandade 2 atha, ndipo yankho silingapose 20. Pofika tsiku logawana munthu aliyense ali ndi manambala ofiira 12 okha. Amenewo ndi okulirapo, monga 17, 14, 20, 12, nde muziyamba ndi makumi, 17, 27, 31, kenako 51, kenako 61, 63. Kapena njira ya madala, aliyense mumuyese 20 nkumachotsa zopelewera, apa 3, 6, 0, 8 ndi 17, kuchotsa pa 80 ndi 63 yomweyo.

Chachitatu, hadikava yanuyo ili ndi njira ziwiri, chopingasa ndi chotsika. Chopingasa ndi masheya a munthu mmodzi chaka chonse. Chotsika ndi masheya a anthu onse pa Lachisanu limodzi, ndipo nambala imeneyo mumaidziwa kale chifukwa owerenga ndalama amalengeza sabata iliyonse kuti lero zalowa zakuti bokosi lisanatsekedwe. Mukawonkhetsa mayankho a anthu 22 aja, ndi kuwonkhetsa mayankho a masabata 48 aja, zikuyenera kukumana pa nambala imodzi pa kona ya tsamba. Chaka chatha mukanachita zimenezi usiku woti mawa mugawana mukanaona nokha kuti pakusowa 9 munthu asanakuuzeni pagulu.

Ndipo pobwereza musabwereze njira yomweyo. Mutu ukalakwitsa pa 8 ndi 5 nkunena 12, ukadutsanso pomwepo umanenanso 12, nchifukwa chake munthu amatha kubwereza katatu nkumapeza yankho lolakwika lomwelo. Koyamba tsikani kuchoka pamwamba, kachiwiri kwerani kuchoka pansi, kapena koyamba madontho kachiwiri milu ya akondakitala.

Pomaliza musaiwale chifukwa chomwe timadindira zidindo mmalo mongolemba manambala. Kasungidwe aka kanayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, pakati pa amayi akumudzi omwe ambiri sanapite kusukulu, nchifukwa chake pali bokosi la maloko atatu makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama kuwerengedwa pamaso pa onse, ndi chidindo chimodzi pa sheya imodzi kuti aliyense athe kuloza ndi chala. Mwini wake wa nkhani ndi kabuku ka membala, hadikava yanu ndi mboni chabe. Nde zikasiyana musachite manyazi ngati mwagwidwa, ntchito ya mabuku awiri ndi imeneyo.

Aphunzitsi_Std6:

Za 9 zija sindimazidziwa mayi, zikomo, ndikaziyesa pa mafomu a malikisi chifukwa pokopera mu rejisitala ndi pomwe ifenso timapwetekera ana. Ndingowonjeza kwa amayi mlembi kuti potsika mzere muziphimba manambala a mmunsi ndi rula kapena kapepala, muzitsitsa umodziumodzi, diso likatopa limakonda kulumpha mzere makamaka pomwe ma 5 atsatizana atatu anayi.

Mlembi_wa_Gulu:

Abale ndabweranso, pepani ndinasowa masiku angapo bandulo inatha. Zikomo nonse kuchokera pansi pa mtima.

Amayi a akawunti, ndinakasaka mu jumbo momwe ndimasunga mapepala a gulu ndipo kapepala kaja ndakapeza, kothimbirira ndi mafuta koma kakuwerengeka. Palembedwa 176 ndi dzanja langa lomwe. Ndinakhala pansi pakhonde kanthawi ndithu ndikungokayang'ana, chaka chonse ndakhala ndikudziona ngati munthu wosatha masamu mpaka ndinafuna kutula pansi udindo mu January. Ndinapita nako kwa mayi aja kukawaonetsa, anaseka nkundigwira dzanja amvekere mwana wanga ine ndinaiwala kalekale, anandipatsa zitumbuwa ziwiri za ana.

Lachisanu lapitali ndinapempha apampando kuti tiyeserere tisanafike December. Ndinatenga njira ya aphunzitsi ija koma mmalo mwa madontho ndinabweretsa nyemba mu kambale, chifukwa dontho la pensulo ndimaliona ndekha pomwe nyemba aliyense akuiona. Ine ndimatchula mokweza 3, 8, 10, ndikati khumi mwini kabuku amaponya yekha nyemba imodzi mu mbale ya chitsulo imveke kuti ngwee, tikamaliza tonse tiwerenge nyemba. Kenako msungichuma wathu amatenga kabuku komweko nkuwerenga mipata monga ananenera madala, osamva kaye yankho langa, amakhala chakumbali. Pa mabuku 22 tinasiyana awiri okha, kamodzi ndi 10 ndendende, nyemba inagwera pa mkeka, kenako ndi 4, ndinalumpha sabata yomwe inki inafufutika. Tinamaliza dzuwa likadalipo mpaka ena anayamba kutchula nawo manambala ine ndisanatchule, mayi a zitumbuwa aja ndi amene amafulumira kuposa tonse pa ma 5.

Bolopeni yofiira ndagula, ndayamba kubwerera mmbuyo kujambula mizere ya masabata anayianayi kuyambira January, ndafika pa May.

Funso lina kwa amayi a akawunti ngati mukadalipo, alipo anthu atatu omwe anachotsako masheya pakati pa chaka kubweza ngongole, mu kabuku tinakhwatcha zidindozo ndi bolopeni. Kodi powerenga mipata zokhwatchazo ndiziyese mipata pompo, kapena ndiwonkhetse kaye zonse ngati zilipo nkudzachotsa kumapeto?

Mayi_Akawunti:

Ndilipo mayi. Wonkhetsani kaye zonse ngati sizinakhwatchidwe, chifukwa ndalamazo zinalowadi mu bokosi pa masabata amenewo ndipo nambala yanu ya chotsika ikuziwerengera, mukaziyesa mipata pa kona paja sipakumana. Zokhwatchazo zipatseni danga lakelake kumapeto kwa tsamba, mulembe tsiku ndi kuchuluka kwake, mwini wake asaine kapena adinde chala, kenako muchotse kamodzi. Pa nyemba paja muzichitanso chimodzimodzi, ziyambe zalowa zonse mu mbale anthu aziwerenge, kenako mwini wake atulutse yekha zomwe anadya kale. Ngati wachotsa masheya 13 ndipo kotsala kanali 1, atulutse nyemba ziwiri, kotsala kakhale 8.